Dima la Makompyuta ku Chiringa

Mayi Eveles Sitima ankafika pasukulu ana asanayambe kusesa. Ndikudziwa chifukwa munda wanga wa nandolo uli m'mphepete mwa msewu wotsika kuphiri, ndipo ndikaweramuka koyamba kuti ndiwongole msana, njinga yawo inkakhala ikudutsa. Kumbuyo ankamangirira buku la chikuto cholimba, atalikulunga m'jumbo. Kiyi wa chipinda cha makompyuta ankamuvala m'khosi pa kachingwe ka nsalu, monga ena amavalira kolona.

Anabadwira m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali yathu ino ya Phalombe. Agogo awo anachokera ku Mozambique, ndipo ngakhale anakhalitsa m'tauni, Chichewa chawo sichinataye kamvekedwe ka Chilomwe. Kutayipa anakuphunzira ku Limbe ali mtsikana, nagwira ntchito mu ofesi ina kumeneko kufikira amuna awo atamwalira mu 1997. Anabwerera kumunda kwa amayi awo ndi mwana mmodzi, Patricia. Sekondale yoyendera itatsegulidwa pafupi ndi Chiringa, anawalemba kuti azitayipa mayeso ndi makalata. Ntchito yawo inali yomweyo basi. Pa pepala limene anasayina panalibe mawu ena.

Makompyuta anafika mu 2005, magetsi atangolumikizidwa pasukulupo. Anali khumi ndi awiri, akale, mphatso yochokera ku mpingo wina wa kunja. Titawayatsa sanaonetse kanthu, mdima wokha ndi timalembo tiwiri pakona. Ine ndinali mlembi wa komiti ya makolo, ndiye ndinalipo tsiku limene a Hector Makina, mlamu wawo wa ahedi amene ankagwira ntchito ku Zomba, anabwera ndi madisiki m'kachikwama.

Anatifotokozera kuti kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoidzutsa ndi kuyendetsa zina zonse. Imene ili m'maofesi ambiri ndi Windows. Ili ndi eni ake, ndipo kompyuta iliyonse imafunika chilolezo chogula. Imene anabweretsayo inali Linux. Aliyense ndi womasuka kuiika, kuikopera, kupatsako mnzake, ngakhale kuitsegula m'kati n'kukonza pamene sipakumusangalatsa.

"Anaipanga ndani?" anafunsa Mayi Sitima.

"Anthu ambirimbiri, mayi, m'maiko osiyanasiyana. Ambiri sadziwana n'komwe."

"Amawalipira ndani?"

"Ena amalipidwa kumene amagwira ntchito. Koma ambiri amangopanga akaweruka."

"Akaweruka," anatero Mayi Sitima. "Ndiye akazi awo amawaona nthawi yanji?"

Tinaseka tonse, koma iwo sanaseke kwenikweni. Anali kuganiza.

A Hector anakhala masiku atatu. Chaka chotsatira tinamva kuti apita ku Joni. Aphunzitsi ankaopa kukhudza makinawo kuti angawononge n'kuwadula malipiro, ndipo ahedi anaona kuti popeza kompyuta ili ndi mabatani a zilembo, ndi nkhani ya otayipa. Kiyi anafika m'khosi mwa Mayi Sitima motero. Palibe msonkhano umene unakhala, palibe chimene ndinalemba m'buku la komiti.

Anthu ambiri ankangoona ana akulowa m'chipindamo n'kutuluka akudziwa kulemba kalata pa kompyuta. Sankaona zimene zinkachitika ana asanabwere. Fumbi la kuno limalowa ngakhale m'botolo lotseka, ndiye m'mawa uliwonse Mayi Sitima ankapukuta makina onse ndi kansalu kouma. Anasoka zophimbira kuchokera ku zitenje zimene zipani zinkagawa pa misonkhano ya kampeni, ndipo pofuna kuti wina asanene kuti sukulu yalowa ndale, anazisoka mozondotsa, nkhope za andale zikuyang'ana m'kati. Nyengo ya chiperoni ankayatsa kompyuta iliyonse kwa kanthawi ngakhale kulibe kalasi, kuti chinyezi chisakhazikike. Kamodzi anapeza mavu atamanga m'kati mwa kompyuta nambala seveni. Bingu likangogunda kuphiri, kaya ndi Lamulungu, ankapalasa njinga kudzazula mawaya pakhoma.

Ndipo chilichonse chimene chavuta ankachilemba m'buku lija: chinayamba bwanji, anayesa chiyani, chinatheka ndi chiyani. Zolephera ankalembanso, kuti asadzabwereze.

Chimene chinawasintha ndi pulinta. Inangosiya kumvana ndi makompyuta mayeso atayandikira, ndipo m'buku munalibe yankho. A Hector anali atawalembera kapepala kosonyeza malo a pa intaneti pamene ogwiritsa ntchito Linux amafunsana mafunso. Kuno intaneti kunalibe. Loweruka lina anasiya njinga paboma, nakwera matola mpaka ku Limbe, nakalowa m'kanyumba kolipira intaneti. Funso lawo analilemba ngati kalata ya kuofesi, ndi moni ndi kutsanzika komwe. Patatha sabata ziwiri anabwererakonso. Anapeza mayankho atatu. Wina, amene ankati ali ku India, anawalembera zoti achite mzere ndi mzere, nawonjezera kuti ngati zikakanika amuuze, adzayesanso. Anakopera zonse m'buku ndi bolopeni. Lolemba pulinta inalira, pepala linatuluka.

Ndinayembekeza kuti akondwa. Koma nditakumana nawo pachigayo, nkhope yawo inali ya munthu amene wadya pamaliro n'kuchoka osatsuka mbale.

"Alembi, munthu uja wandilimira munda," anatero. "Sindinamupatse ngakhale chikho cha thobwa. Dzina lake lenileni sindikulidziwa."

Kwathu kuno munda ukakukulira umaitana dima. Anzako amabwera ndi makasu awo, iwe umaphika thobwa, ndipo tsiku lawo likafika nawe umanyamula khasu lako. Palibe amene amalemba, koma aliyense amadziwa amene anabwera ndi amene anabisala. Mayi Sitima anaona kuti pulogalamu ija ndi dima la anthu osaonana, ndipo iwo adyapo kale. Poti wa ku India uja sakanamupeza, anayamba kubwezera kwa amene anali pafupi. Lachiwiri ndi Lachinayi masana, ana akaweruka, ankatsegulira amayi osamalira odwala m'midzi, amene nawonso ntchito yawo ilibe malipiro, kuti aphunzire kutayipa malipoti awo. Anapalasa njinga mpaka kwa Mkhumba kukathandiza sukulu ina imene inalandira makina opanda kanthu ngati athu aja. Ulendo wina ku Limbe anapeza munthu wa dziko lina akudandaula za fumbi, ndipo anamuyankha, namufotokozera ndi za zitenje zomwe. Atabwerako anakhala akumwetulira sabata yonse.

Zinayenda motero zaka zitatu. Makompyuta atatu anafa ndithu, asanu ndi anayi anatsala.

Mu Ogasiti wa 2008 Patricia, amene anali atamaliza folomu folo ndipo ankatayipa mofulumira kuposa mayi ake, anaitanidwa ku Limbe kukayesedwa ntchito ya ulembi pa kampani ina. Tsiku limene anabwerera ndinali kwawo. Tinali kuphika kalongonda, nyemba zija zimene umawiritsa kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthiranso ena, mpaka ululu wake utatha. Mwana analowa pabwalo nsapato zili m'manja, nakhala pansi osapereka moni.

"Zayenda bwanji?" anafunsa mayi ake.

"Anandikhazika pa kompyuta n'kunena kuti tsegulani, mulembe kalata iyi. Amayi, zonse zinali pena. Zimene kwathu zili m'mwamba, kumeneko zili m'munsi. Ndinafunafuna, bambo wondiyesayo akungoyang'ana wotchi. Kenaka akuti, Windows munaiphunzira? Ndati ayi, ndinaphunzira Linux. Akuti, ndiye chiyani chimenecho, mankhwala a mutu? Ena onse m'chipindamo kuseka."

"Ukanapempha mphindi zisanu. N'zofanana zimene zija, ukanazipeza."

"Mphindi zisanu akanandipatsa ndani? Panja panali atsikana makumi atatu, onse ndi masatifiketi olembedwa Windows."

Mayi Sitima anatembenukira kumphika, nayamba kutaya madzi amene tinali titangothira kumene. Sindinawaletse.

Nkhani ya Patricia inafika pamsika wa Chiringa Patricia asanapumule n'komwe. Ndipo mwezi wotsatira ahedi analandira kalata. Bungwe lina linkafuna kupereka makompyuta makumi awiri atsopano, okhala ndi Windows ndi zilolezo zake, komanso satifiketi kwa mwana aliyense womaliza maphunziro. Koma panali mfundo zitatu. Chipinda chipezeke chopanda kanthu. Makina akavuta, wotsegula ndi katswiri wawo wochokera ku Blantyre yekha. Ndipo wolowa m'chipindamo ndi ana olembedwa m'kaundula okha, pa nthawi ya kalasi, ali ndi mphunzitsi wa dipuloma. Komiti inayenera kuyankha pofika kumapeto kwa Okutobala.

Aliyense wowerenga kalatayo ankaona tanthauzo lake. Makina akale atuluka, amayi a Lachiwiri ndi Lachinayi sadzalowanso, ndipo Mayi Sitima abwerera ku tebulo lawo la makalata.

Masabata amenewo Mayi Sitima anaonda. Ankafikabe m'mawa, ankapukutabe, koma ndikawapatsa moni pamsewu nthawi zina sankamva. Tsiku lina anatsika panjinga, nalowa m'munda mwanga, naima pakati pa nandolo.

"Alembi, mundiuze zoona. Kodi ndawasocheretsa ana a eni?"

"Ana akudziwa kutayipa. Kale sankadziwa."

"Patricia akudziwa kutayipa. Ali pakhomo akusenda chinangwa. Wanga ndi mmodzi. Nanga enawo? Adutsa m'manja mwanga ana oposa mazana awiri. Aliyense akakafika pa tebulo la bwana azikasekedwa chifukwa cha ine?"

Anandiuza kuti anapitanso ku Limbe kukafunsa anthu a pa intaneti aja funso limodzi: zaka khumi zikubwerazi, m'maofesi mudzakhala iti? Atabwererako anapeza mayankho oposa makumi anayi. Ena ankati chaka chamawa chomwechi aliyense asamukira ku Linux. Wina anati mawu amenewo amanenedwa chaka chilichonse. Ena ankati makina akuluakulu osunga zinthu za pa intaneti ambiri akuyendera Linux kale, ena n'kuyankha kuti mlembi wa mu ofesi sakhala pa makina amenewo. Pofika pakati anali atayiwala za mayi wa ku Phalombe, akungokangana okhaokha.

"Ngati amuna pa bawo," anatero. "Pa pulinta anandithandiza. Pa ichi sakudziwa, ngakhale akulankhula ngati akudziwa."

Msonkhano unachitika Loweruka masana, m'kalasi ya folomu thu, malata akuthetheka ndi dzuwa. Makolo anadzaza, ena anaima m'mawindo. Amayi osamalira odwala anakhala kumbuyo pamodzi, atavala zitenje zawo zofanana. Wapampando wathu, a Laston, amene ali ndi golosale pa Chiringa, anawerenga kalata yonse kawiri.

Woyamba kuimirira anali bambo wina wachikulire wa kumtunda.

"Ine za makina sindidziwa," anatero. "Koma ndamva kuti zimene ana athu akuphunzirazi n'zaulere. Zaulere tinaziona mu 94. Anati pulayimale yaulere, tinavina. Mwana wanga anakaphunzira pansi pa mtengo wa mango, ana zana limodzi mphunzitsi mmodzi. Chinthu chopanda mwini, chikavuta umakagogoda kwa yani? Izi zogulazi zili ndi mwini. Tikudziwa pokadandaula."

Anthu anawomba m'manja. Sindikanawatsutsa, mwana wanganso anaphunzira pansi pa mtengo.

Mayi Fanny, mtsogoleri wa amayi osamalira odwala, anaimirira kumbuyo.

"Nanga ifeyo? Malipoti athu tizikatayipa kuti?"

"Mayi, ino ndi sukulu ya ana," anayankha a Laston. "Inu munangodyerako mwayi."

"Mwayi tinadyerako, inde. Mayi anu akudwala chaka chatha ankawasambitsa ndani? Nawonso anangodyerako mwayi?"

Kunabuka phokoso, ena kuseka, ena kukuwa kuti akhale pansi. A Laston anamenya tebulo ndi dasitala. Phokoso litatsika, ahedi anati ndi bwino timve kwa mwini chipinda.

Mayi Sitima anaimirira atagwira buku lawo pachifuwa.

"Mayi Sitima," anatero a Laston, "funso ndi limodzi. Ana athuwa akamakafuna ntchito, adzapeza iti m'maofesi? Yanuyi kapena inayi?"

"Lero apeza inayo."

"Nanga mtsogolo?"

"Sindikudziwa. Ndinafunsa amene amadziwa kuposa ine, nawonso sakudziwa."

Amayi a kumbuyo anayang'anana. Ankayembekeza kuti amenyera nkhondo chipinda chawo.

"Landirani makina atsopanowo," anapitiriza. "Mwana wanga anasekedwa ku Limbe, sindikufuna wa wina akasekedwe. Chokhacho ndikupempha, akalewa musawataye. Akugwira ntchito. Atsopanowa akavuta tidikira munthu wa ku Blantyre, ndipo msewu wathu nthawi ya mvula mukuudziwa. Akalewa akavuta timatsegula tokha. Mwana amene wagwirapo onse awiri sadzasochera kulikonse. Ndipo amayi awa akhale ndi polowa."

Mavoti sanachedwe. Manja anakwera pafupifupi onse, ndipo ndinalemba kuti komiti yavomera mphatso ndi mfundo zake zitatu. Mayi Sitima anavula kachingwe m'khosi, namasula kiyi, nakamupereka kwa ahedi ndi manja awiri. Kachingwe kopanda kanthu anakapinda n'kukaika m'buku.

Za makina akale, ahedi anati kuseri kwa ofesi kuli stolo yosungiramo madesiki othyoka. Ili ndi soketi imodzi ndi windo limodzi. Atachotsamo zinyalala, makompyuta angakwanemo. Anatulutsa kakiyi ka loko m'thumba, nakakankhira patebulo kulunjika kwa Mayi Sitima. A Laston anapumira m'mwamba, okondwa kuti aliyense wapeza chake.

"Zatha bwino. Alembi, lembani kuti Mayi Sitima adzipereka kupitiriza kusamala makina akale."

Bolopeni yanga inaima. Mawu amenewo ndawalemba kambirimbiri m'buku la komiti. Amayi adzipereka kutunga madzi oumbira njerwa. Amayi adzipereka kuphikira alendo. Nthawi zambiri amayiwo amakhala asanatsegule pakamwa. Ndinayang'ana Mayi Sitima, ndipo iwo anali kuyang'ana kakiyi kaja. Sanakatole.

"Pepani a tcheyamani," anatero motsitsa mawu. "Sindinadzipereke."

Kenaka anaimirira, napitiriza.

"Bambo aja anena kuti chaulere chilibe mwini. Pamenepo anena zoona pang'ono. Chaulere chimakhala ndi wochisenza, kungoti saoneka. Pulogalamu iyi akuisenza anthu amene sitidzawaona. Pano ndaisenza ine zaka zitatu." Anatsegula buku, koma sanawerenge, anangoliika patebulo kuti aliyense aone kuchuluka kwa masamba. "Kupukuta m'mawa uliwonse. Kudzazula mawaya kukachita mphezi. Kupita ku Limbe kukafunsa. Sindikudandaula, ndinkabweza dima. Koma ndinalakwitsa chinthu chimodzi, ndinkalima ndekha. Ndikadwala mawa, buku ili adzaliwerenga ndani? Dima la munthu mmodzi kulibe. Ngati mukufuna makinawa akhale, alembi ali ndi pepala. Alembe maina a anthu amene azibwera Loweruka m'mawa kudzaphunzira kuwasamala, ndipo kiyi azizungulira. Ngati palibe, atsekereni mustolomo pamodzi ndi madesiki. Ine ndibwerera ku makalata anga."

Anakhala pansi. Ndinang'amba pepala pakati pa buku, ndinalemba nambala wani, n'kudikira.

Sindinaonepo anthu akuyang'ana kudenga nthawi yaitali chotero. Wina anatsokomola. Bambo wina anatuluka ngati waitanidwa panja. Mayi Sitima anali kuyang'ana pepala langa. Ndinadziwa kuti akunena zoona, kuti pepala likakhala lopanda dzina sadzakatola kakiyiko, ndiponso kuti zikatero chinthu china mwa iwo chidzatsekeredwa mustolo momwemo.

"Fanny," anatero mawu kumbuyo. "Lembani Fanny."

Kenaka Mayi Alesi, mnzawo wa gulu lomwelo. Kenaka mphunzitsi wamkazi wa masamu. Patricia, amene anaima pawindo, anakweza dzanja. Ndinalemba langa pa nambala faifi, ngakhale kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo.

"Amayi okhaokha?" anafunsa Mayi Fanny. "A tcheyamani, pepala likadali ndi malo. Kapena dzina lanu ndi lalitali?"

Anthu anaseka, ndipo a Laston, akupukuta nkhope ndi kampango, anati ndilembe. Anakwana asanu ndi mmodzi. Mayi Sitima anatambasula dzanja, natola kakiyi, nakamangirira pa kachingwe kaja.

Makina atsopano anafika mu Novembala pa lole, m'makatoni oyera, ndipo kunali mwambo ndi zithunzi. Akale tinawanyamula pamutu kupita nawo kustolo, kompyuta iliyonse itafunda chitenje chake chozondotsa. Tinagwirizana kuti tiyamba Loweruka lotsatira.

Lachisanu masana mvula yoyamba inagwa, yeniyeni, yonunkhiza dothi. Aliyense wa kuno akudziwa tanthauzo lake: mawa lake mudzi wonse umakhala kumunda ndi mbewu m'manja, ndipo amene wachedwa tsiku limodzi amadzaonekera pa zokolola. Ndinadzuka ndi chimanga cha mbewu chili m'mbale. Ndinaima pakhomo nthawi ndithu. Kenaka ndinauza mlongo wanga kuti ayambe yekha mizere ya kumunsi, ine ndibwera dzuwa likakwera.

Mayi Sitima ndinawapeza atakhala pakhonde la stolo, njinga atayedzeka pakhoma, matope ali m'mateyala. Loko anali asanatsegule. Munda wawo nawonso unali kudikira.

"Mwabwera nokha?" anafunsa.

"Ena akubwera."

"Mwawaona?"

"Ayi."

Tinakhala. Eyiti koloko inadutsa. Mwana wa sukulu wina anabweretsa uthenga woti a Laston apepesa, apita kukapikula katundu. Mphunzitsi wa masamu anali atapita kwawo kukadzala. Mayi Sitima ankangotembenuza kakiyi m'zala, maso ali kumsewu. Njinga iliyonse yodutsa ankaweramuka pang'ono, n'kukhalanso.

"Mwina ndinalankhula kwambiri tsiku lija," anatero. "Ndikanangotola."



Cha m'ma teni Mayi Fanny anatulukira kuseri kwa ofesi, matope mpaka m'mawondo, khasu lili paphewa.

"Musandiyang'ane choncho, ndadzala theka," anatero. "Alesi akuti sabata yamawa, mwana wake watentha thupi. Tsegulani, nthawi ndilibe."

Pambuyo pawo panali Patricia, atanyamula pepala lalikulu lokulunga. Titalowa m'kati, analifunyulula n'kulikhoma pakhoma ndi minga. Anali atajambula mawindo awiri a kompyuta moyandikana, la kwathu ndi lija anakaliona ku Limbe, monga ankalikumbukirira, ndi mivi yosonyeza kuti ichi chili apa, uko chili apo. Pena anasiya malo opanda kanthu.

"Apa sindinaonetsetse," anauza mayi ake. "Bamboyo anandichotsapo msanga. Ana a folomu wani akayamba kulowa m'chipinda chatsopano adzatiuza."

Mayi Sitima anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenaka anavundukula makina, natiuza kuti tiyambe ndi kupukuta, kansalu kouma, osati konyowa. Soketi inali imodzi, ndiye tinkayatsa awiriawiri. Asanu ndi awiri anadzuka. Awiri anangokhala mdima, mwina anagwedezeka ponyamula.

Anatsegula buku pa tsamba latsopano, nalemba deti. Kenaka analitembenuza, nalikankhira kwa Mayi Fanny pamodzi ndi bolopeni.

"Lembani inuyo. Nambala folo ndi nambala naini, sakuyaka. Lembani zimene mukuona, osati zimene mukuganiza."

"Zolemba zanga n'zokhota."

"Bola ziwerengeke."

Dzuwa litafika pamutu tinaphimba makina n'kutseka. Mayi Sitima anavula kachingwe m'khosi, nakaveka Mayi Fanny.

"Sabata ino kiyi agona kwanu. Kukagunda bingu, mawaya."

"Ngakhale ndili kumunda?"

"Ngakhale muli kumunda."

Anakwera njinga kulunjika kuphiri, kukadzala mochedwa. Kumwamba mitambo inali itayambanso kusonkhana, ndipo ndinawaona akucheuka kawiri asanakhote, dzanja limodzi likufufuza pakhosi pamene panalibe kanthu.